Mmene Ndinafikitsira Wailesi pa Khonde la Amayi

Amayi anga anabadwira ku Dedza, ndipo anafika mumzinda uno ali mtsikana wongokwatiwa kumene, pa nthawi imene Harare ankatchedwa Salisbury, dzina limene linadzasinthidwa mu 1982. Chishona amachilankhula bwino lomwe, moti kumsika palibe amene angawazindikire kuti ndi obwera, koma nkhani za m'mawa, nyimbo za kwaya ndi mauthenga a maliro amafuna kuzimva m'Chichewa. Chibwerereni kudzakhala nafe kuno ku Dzivarasekwa, malo awo ndi pakhonde la kuseri kwa nyumba, pamene amasankhira nyemba, kusoka ndi kulandirira anzawo a mumpingo wa CCAP. Kwa miyezi yambiri ndinkawaona atagunditsa foni kukhutu kuti amve wailesi za ku Malawi za pa intaneti, ndipo popeza makutu awo sakumvanso bwino ngati kale, ankakwinya nkhope n'kumafunsa adzukulu awo kuti wolengezayo wanena chiyani. Zimenezi zinkandipweteka mtima, makamaka poganizira kuti pabalaza, mbali ina ya nyumba yomweyo, pali resiva yamphamvu, chipangizo cholandira mawu a TV, dekoda ndi wailesi n'kuwatumiza ku masipika, imene tsiku lonse inkangotumikira makatuni a ana.

Resivayo ndinagula kwa mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo inali itagwirapo kale ntchito zaka zingapo. Mwayi wake unali woti magetsi a kumeneko ndi ofanana ndi athu, a mavoti 220 mpaka 240, chifukwa maresiva ochokera ku America amafuna mavoti 120 ndipo amapsa mukawalumikiza kukhoma kuno popanda thiransifoma. Kumbuyo kwake kunali malo awiri olembedwa kuti Zone 2, ndipo mawu amenewa ndi amene anandipatsa chiyembekezo. Tanthauzo lake ndi lakuti resiva imodzi ingathe kuimba zinthu ziwiri zosiyana m'zipinda ziwiri pa nthawi imodzi, ana akuonera kanema pabalaza pamene amayi akumvera wailesi pakhonde, aliyense ndi kukweza kwake. Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya Loweruka limodzi masana, koma inanditengera masabata atatu, ndipo chimene ndinachedwa kuchimvetsa ndi chakuti Zone 2 ili ngati kachipangizo kena kokhala m'mimba mwa resiva, kamene kali ndi khomo lakelake, ndipo sikamva zonse zimene balaza likumva.

Ndinagula masipika awiri opangidwira panja a ma ohm 8 (ohm ndi muyeso wa mmene chinthu chimakanizira magetsi), ndinawakhomera pansi pa denga la khonde pamene mvula siifika, kenako ndinamanga mawaya awo kumbuyo kwa resiva pa zomangira zolembedwa kuti Surround Back ndiponso Zone 2. Madzulo a tsikulo ana anaika filimu, ndipo posakhalitsa amayi anandiitana.

"Mwananga, zimene mwaikazi muli mphepo ndi mabingu okhaokha, koma anthu sakulankhulamo."

Iwo ankanena zoona, ndipo mawu awowo ndi amene anandisonyeza pamene panali vuto loyamba. Resiva yanga ili ndi maampulifaya 7 m'kati mwake, zigawo zimene zimapatsa mawu mphamvu yogwedeza masipika, ndipo mlamu wanga ankaigwiritsa ntchito ndi masipika 7 m'chipinda chimodzi, choncho maampulifaya awiri omalizawo anali akadali pa ntchito yawo yakale yotumiza phokoso la kumbuyo kwa filimu. Zomangira ziwirizo zili ndi mayina awiri chifukwa zingathe kugwira ntchito iyi kapena iyo, koma resiva siidziwa yokha kuti masipika mwawaika pakhonde mpaka mutaiuza mumenyu. Pa maresiva a Denon ndi Marantz malo amenewa amatchedwa Amp Assign, pa Yamaha amatchedwa Power Amp Assign, ndipo makampani ena ali ndi mayina awoawo, koma ganizo ndi limodzi: mumalanda maampulifaya awiri kuchokera pabalaza n'kuwapereka ku chipinda chachiwiri. Mukatero balaza limatsala ndi 5.1, kutanthauza masipika asanu ndi sabuwufa imodzi (sipika ya mawu a besi), m'malo mwa 7.1 ya masipika 7. Kwa ife zimenezi sizinali zodandaulitsa chifukwa pabalaza pathu pali masipika asanu okha ndi sabuwufa imodzi.

Ndiyenera kunenapo za malo ena aja olembedwanso kuti Zone 2, omwe ndi timabowo tiwiri ta RCA, kofiira ndi koyera, chifukwa mnzanga wina wa ku Mufakose anataya tsiku lathunthu akuyesa kulumikiza masipika mwachindunji pamenepo. Timabowo timeneti timatulutsa mawu ofooka kwambiri amene sangathe kugwedeza sipika, ndipo ntchito yake ndi kupereka mawu kwa ampulifaya ina yapadera kapena kwa masipika okhala ndi ampulifaya yawoyawo. Amene ali ndi resiva ya maampulifaya 5 okha, ngati ili ndi timabowo timeneti, njira yake ndi yomweyi. Ubwino wake ndi wakuti balaza silitaya chilichonse, ndipo mumenyu mumasankha ngati kukweza mawu kuzichitikira pa resiva kapena pa ampulifaya inayo.

Nditasintha menyu, mphepo ndi mabingu zinatha pakhonde, koma m'malo mwake kunangoti zii. Apa ndinaphunzira kuti Zone 2 imayatsidwa payokha, imasankhiridwa payokha chimene iziimba, ndipo imakwezedwa payokha. Pa rimoti pali batani limene limachititsa kuti mabatani ena onse azilamulira chipinda chachiwiri, ndipo mukaiwala kubwerera, mumadabwa kuti mukukweza mawu koma pabalaza sipakusintha kanthu, pamene pakhonde makoma akunjenjemera. Ndinayatsa Zone 2, ndinasankha wailesi ya FM ya m'kati mwa resiva momwemo, ndinakweza pang'onopang'ono, ndipo mawu anatuluka pakhonde omveka bwino kwambiri. Ndikulangiza aliyense kuti ayambe ndi FM poyesa, chifukwa ikamveka mumadziwa kuti masipika, mawaya ndi maampulifaya zili bwino, ndipo vuto lililonse lotsala lili pa chipangizo chimene mukufuna kumvera. Amayi anasangalala ndithu, pakuti National FM, wailesi ya kuno ku Zimbabwe, imaulutsa m'zilankhulo zambiri za m'dziko muno kuphatikizapo Chichewa, chimene malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 anachiika pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma nthawi ya Chichewa pa wailesiyo imagawidwa ndi zilankhulo zina, ndipo mauthenga a kumudzi amene iwo amawafuna amamveka pa MBC Radio 1 ndi pa Zodiak, zimene kuno timazipeza pa intaneti pokha.

Apa ndi pamene panagona nkhani yonse. Wailesi za pa intanetizo tinkazimvera kudzera pa kabokosi kakang'ono kolumikizidwa ku resiva ndi chingwe cha HDMI, ndipo pabalaza kankamveka bwinobwino. Nditasankha kabokosi komweko pa Zone 2, pakhonde panalibe ngakhale kanong'onong'o. Ndinayesa dekoda ya satelaiti, imenenso ili pa HDMI, ndipo zinali chimodzimodzi. Ndinasintha zingwe, ndinasintha mabowo, ndinabwezera resiva yonse mmene inachokera kufakitale n'kuyambiranso, ndipo kwa masiku angapo ndinkakhulupirira kuti china chake chinapsa m'kati. Yankho ndinalipeza m'buku la malangizo la resivayo, m'kamzere ka zilembo zing'onozing'ono pansi pa tsamba, kamene kankanena kuti mawu olowa kudzera pa HDMI, pa chingwe cha optical kapena cha coaxial safika ku Zone 2.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva munthu akachilongosola. Mawu oyenda pa HDMI ndi a dijito, kutanthauza kuti ndi manambala, ndipo sipika siingathe kuimba manambala mpaka atasandutsidwa kukhala mafunde a magetsi, amene timawatcha analogi. Ntchito yosandutsayi imagwiridwa ndi kachipangizo kotchedwa DAC, ndipo pa maresiva ambiri akale ndiponso otsika mtengo, ma DAC onse ndi gawo limene limamasula mawu a Dolby Digital ndi DTS, omwe ndi mawu a dijito opanikizidwa a m'mafilimu, anaikidwira balaza lokha. Chipinda chachiwiri chinangopatsidwa njira yachidule yochokera pa timabowo ta RCA ndi pa wailesi ya FM kupita ku ampulifaya, osadutsa pa zosandutsa zija. Choncho resiva yanga sinali yowonongeka, inkangochita zimene anaipangira. Maresiva ena atsopano amalola mawu a dijito kufika ku Zone 2, komabe ambiri mwa iwo amafuna kuti mawuwo akhale a PCM, omwe ndi mawu a dijito osapanikizidwa, a matchanelo awiri (kumanzere ndi kumanja), ndipo mukawapatsa Dolby Digital ya 5.1 chipinda chachiwiri chimakhala chete. Ena amalolanso Bluetooth, USB ndi nyimbo za pa netiweki, ena ayi, moti munthu asanagule kalikonse ayenera kuwerenga tsamba la Zone 2 m'buku la resiva yakeyo, osati ya mnzake. Ine ndikuona kuti opanga zipangizozi akanachita bwino kulemba chenjezo limeneli ndi zilembo zazikulu, chifukwa masiku ano pafupifupi chilichonse chimene munthu ali nacho m'nyumba chimalumikizidwa ndi HDMI.

Dekoda inali yosavuta kuithandiza chifukwa kumbuyo kwake kuli timabowo ta RCA. Ndinasiya chingwe cha HDMI pamalo pake, n'kuwonjezera chingwe chachiwiri cha mitu yofiira ndi yoyera kuchokera ku dekoda kupita pa timabowo ta analogi tokhala ndi dzina lomwelo pa resiva. Tsopano balaza limatenga chithunzi ndi mawu ake pa HDMI, pamene khonde limatenga mawu pa chingwe chachiwiricho, ndipo zonse ziwiri zimayenda popanda kusokonezana. Ndi bwino kutsimikiza mumenyu kuti timabowo ta analogito taperekedwadi ku dzina limene mukusankha pa Zone 2, chifukwa mwini wake woyamba angakhale atazisinthanitsa.

Kabokosi ka intaneti ndi kamene kanandivutitsa, pakuti kalibe bowo lina lililonse kupatula la HDMI. Mphwanga, amene amakonza mafoni m'tauni, anandibweretsera ka DAC kakang'ono kolandira mawu pa chingwe cha optical n'kuwatulutsa pa RCA, ndipo anati: "Achimwene, tengani mawu kumbuyo kwa TV, muwadutsitse umu, ndiye muwalowetse mu resiva." Tinayesa, ndipo poyamba kanatulutsa phokoso loipa ngati la mvula pa malata, chifukwa tima DAC totere timamva PCM yokha, ndipo TV inkatumiza Dolby Digital. Titasintha TV kuti izitumiza PCM mawu anamveka bwino, koma pomwepo ndinaona kuti njirayi siingatithandize. Bowo la optical la TV limatulutsa mawu a chimene chikuoneka pa TV nthawi imeneyo, kutanthauza kuti amayi akanamva wailesi pokhapokha ana atasiya kuonera makatuni, ndiponso TV ikanayenera kukhala yoyaka tsiku lonse. Cholinga chonse chinali choti aliyense amve zake, ndipo njira imeneyi inkatibwezera pamene tinayambira. Pali timabokosi tina totchedwa HDMI audio extractor timene timaikidwa pakati pa chipangizo ndi resiva n'kupatula mawu, koma natonso tikanafuna kuti kabokosi kamodzi komweko, kamene ananso amaonerapo zawo, kazitumikira amayi ndi ana pa nthawi imodzi, zimene sizitheka.

Chimene chinathetsa nkhaniyi chinali m'dirowa ya mkazi wanga: foni yakale yosweka galasi, imene ili ndi bowo la mahedifoni la mamilimita 3.5. Foni iliyonse yokhala ndi bowo limeneli ili ndi DAC yake m'kati, choncho mawu otulukapo ndi a analogi kale. Ndinagula chingwe chokhala ndi mutu wa mahedifoni mbali imodzi ndi mitu iwiri ya RCA mbali inayo, ndinachilowetsa pa timabowo tolembedwa kuti CD timene sitinkagwira ntchito iliyonse, ndinalumikiza foniyo ku Wi-Fi ya m'nyumba, n'kuika wailesi ziwiri zija poonekera kuti aliyense azitha kuzitsegula. Nditasankha CD pa Zone 2, mawu a wowerenga nkhani anadzaza khonde lonse, pamene pabalaza ana anapitiriza kuonera zawo osadziwa n'komwe kuti pachitika kanthu. Foniyo iyenera kukwezedwa pafupifupi mpaka kumapeto, ndipo kuchepetsa kapena kuwonjezera kuzichitikira pa resiva, apo ayi mawu amakhala otsika ndipo pansi pake pamamveka kaphokoso ka sii. Ndinaonanso kuti tchaja yotchipa imene ndinayamba nayo inkalowetsa kulira kwa ng'ung'ung'u m'masipika, ndipo nditaika tchaja yabwino kulirako kunatha.

Mawaya a masipika ndinachita kuwaika kawiri. Kuchokera pa resiva, kukwera kusiling'i, kudutsa pamwamba pa khitchini mpaka kutsikira pakhonde ndi mamita pafupifupi 20, ndipo popeza magetsi amapita ndi kubwerera, ulendo wonse ndi mamita 40. Waya aliyense amakaniza magetsi pang'ono, ndipo akakhala wautali ndi woonda amadya mphamvu imene inayenera kufika ku sipika. Odziwa za ntchitoyi amalangiza kuti kukaniza kwa waya kusapitirire gawo limodzi mwa magawo 20 a ma ohm a sipika, kutanthauza 0.4 pa sipika ya ma ohm 8. Waya wa kopa wa masikweya milimita 1.5 pa mtunda wangawo umafika pafupifupi 0.46, pamene wa 2.5 umakhala pafupifupi 0.28. Waya umene ndinagula poyamba unali woonda, ndipo nditaupala ndi mpeni ndinaona kuti m'kati mwake ndi woyera, chifukwa unali aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa, umene pa mpukutu wake amalemba kuti CCA ndipo umakaniza magetsi kuposa kopa weniweni. Ndinauchotsa n'kuika wa kopa wa 2.5. Pomanga ndinasamala kuti waya wa pa chomangira chofiira cha resiva ufike pa chofiira cha sipika mbali zonse ziwiri, pakuti sipika imodzi ikatembenuzidwa, ziwirizo zimakankha mpweya motsutsana ndipo mawu a besi amazimiririka. Ndinaonetsetsanso kuti palibe kaulusi ka waya kamene kakukhudza chomangira choyandikana nacho, chifukwa kaulusi kamodzi kokha kamachititsa resiva kudzizimitsa podziteteza.

Mkazi wanga ataona kuti zatheka, anapempha kuti ndiwonjezere masipika ena awiri kukhitchini pa mawaya omwewo, koma pa ichi ndinayamba ndakana. Masipika awiri a ma ohm 8 akamangidwa pa chomangira chimodzi moyandikana, ampulifaya imawaona ngati sipika imodzi ya ma ohm 4, ndipo pa resiva yanga analemba kuti masipika asatsike pansi pa ma ohm 6. Katundu wotere amatenthetsa ampulifaya, ndipo m'mwezi wa October, pamene kuno kumatentha kwambiri, sindikufuna kuiyesa. Tinagwirizana kuti tidzagula kabokosi kogawira masipika kokhala ndi chitetezo cha ma ohm tisanachite zimenezo.

Chinthu china chinaonekera tsiku limene abale anabwera kudzaonera mpira, ena ali pabalaza ena ali pakhonde, zipinda zonse ziwiri zikuimba dekoda imodzi. Woima pakhomo ankamva mawu aliwonse kawiri ngati ali m'tchalitchi chachikulu chopanda anthu. Mawu a pabalaza amadutsa m'zosandutsa ndi m'zokonza zambiri, ndipo amachedwetsedwanso dala kuti agwirizane ndi milomo ya anthu pa TV, pamene a pakhonde amangodutsa molunjika, choncho amafika msanga ndi kachigawo kochepa ka sekondi. Maresiva ena ali ndi njira yothetsera zimenezi, imene Yamaha amaitcha Party Mode ndipo Denon ndi Marantz amaitcha All Zone Stereo. Yanga ilibe, ndiye pakakhala alendo ndimauza balaza kuti nalonso litenge mawu pa chingwe cha analogi, n'kusankha kamvedwe kolunjika kosadutsa m'zokonza, ndipo kubwereza kuja kumachepa mpaka kusamveka.

Za magetsi sindingazisiye, chifukwa aliyense wokhala mu Harare amadziwa kuti amazimitsidwa kawirikawiri, ndipo ambirife timadalira sola, inveta ndi batire. Mukazimitsa balaza koma Zone 2 n'kuisiya yoyaka, resiva imaoneka ngati yagona pamene m'kati mwake maampulifaya akudyabe magetsi. Ndinazindikira zimenezi m'mawa wina nditapeza batire latsika kuposa masiku onse, ndipo nditagwira pamwamba pa resiva panali pofunda ngakhale kuti palibe amene anaimvera usiku wonse. Kuyambira pamenepo, womaliza kugona amayang'ana ngati kachizindikiro ka Zone 2 kazima. Mumenyu ndinapezanso zinthu ziwiri zothandiza kwambiri, china choika malire a kukweza mawu m'chipinda chachiwiri, china chosankha mlingo umene mawu aziyambira poyatsa. Nyumba za ku Dzivarasekwa ndi zoyandikana, ndipo sindikufuna kuti mwana akasewera ndi rimoti adzidzimutse amayi kapena adzutse khanda la oyandikana nafe.

Chotsala ndi chakuti rimoti imagwiritsa ntchito kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, kumene sikudutsa khoma, choncho amayi sangathe kukweza kapena kutsitsa mawu ali pampando wawo. Pakadali pano ndinamata tizidutswa ta tepi yoyera pa mabatani awiri a kutsogolo kwa resiva, loyatsira Zone 2 ndi losankhira CD, ndipo mdzukulu wawo wamkulu amawayatsira asanapite kusukulu. Lachiwiri lapitali ndinawapeza atasiya lichero la nyemba pamiyendo, akumvetsera mwachidwi mauthenga a maliro, ndipo atatha anandiuza kuti patchulidwa mudzi woyandikana ndi kwawo, n'kundipempha kuti ndiwaimbire foni malume anga kuti afunse ngati womwalirayo anali wa kubanja limene iwo akulidziwa. Ndaitanitsa kale kachipangizo kolandira kuwala kwa rimoti pakhonde n'kukutumiza pa waya mpaka ku resiva, ndipo ndikufuna kukwera kusiling'i kukadutsitsa waya wake mvula ya mu November isanayambe.